Kuchotsa giyabokosi osatulutsa injini

Kuchotsa giyabokosi osatulutsa injini ndi njira yokonzera galimoto imene makaniko amalekanitsa giyabokosi ndi injini n'kuitsitsira kunsi kwa galimoto, injini ikadali pamalo pake. Njirayi imagwiritsidwa ntchito posintha kilatchi, posintha giyabokosi yowonongeka, kapena pofuna kufika pa mphira yotchinga oyilo imene ili kumbuyo kwa injini. Pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono, mapikapu ndi maminibasi, ntchitoyi imatheka pakhomo popanda makina onyamulira galimoto a m'magaraja akuluakulu. Komabe ndi imodzi mwa ntchito zoopsa kwambiri pa galimoto, chifukwa munthu amagona kunsi kwa chinthu cholemera kuposa tani imodzi uku akumasula chitsulo china cholemera ngati thumba la chimanga kapena kuposerapo.

Mabawuti ofunika kumasula si ambiri kwenikweni, ndipo aliyense wozolowera sipanala angawamasule. Chovuta chili pa kulemera ndi kulunjika. Injini ndi giyabokosi zimachirikizana, moti chimodzi chikachoka chinzake chimapendekeka. Pobwezera, ziwirizi ziyenera kukumana pa mzere umodzi ndendende, apo ayi zitsulo za mkati zimapindika kapena kuthyoka galimoto isanayende n'komwe.

Mmene ziwirizi zimalumikizirana

Kumbuyo kwa injini, kumapeto kwa shafiti yaikulu yotchedwa crankshaft, kuli chitsulo chozungulira cholemera chotchedwa flywheel. Pa galimoto ya manual, imene woyendetsa amasintha yekha magiya, kilatchi imamangidwa pa flywheel imeneyi. Kilatchi ili ndi zigawo zitatu. Pali mbale yopyapyala yomatidwa zinthu zofanana ndi za pa mabuleki, imene amakaniko amaitcha clutch plate. Pali chivundikiro cha masipuling'i chotchedwa pressure plate, chimene chimapanikiza mbaleyo pa flywheel. Chachitatu ndi beringi imene imakankha masipuling'iwo woyendetsa akaponda kilatchi.

Mu giyabokosi mumatuluka shafiti yokhala ndi timizere ngati mano, imene imalowa pa bowo la pakati pa clutch plate. Pa magalimoto ambiri okoka ndi matayala akumbuyo, nsonga ya shafitiyi imapitirira n'kukalowa mu kaberingi kakang'ono kamene kali pakati pa crankshaft. Zonsezi zimabisika mkati mwa chigoba chooneka ngati belu, chotchedwa bellhousing, chimene chimamangidwa kumbuyo kwa injini ndi mabawuti ozungulira m'mphepete mwake.

Mabawutiwo ntchito yake ndi kugwira basi. Zimene zimalunjikitsa giyabokosi ndi injini ndi tizitsulo tiwiri tifupitifupi totchedwa dowel, timene timalowa mothina m'mabowo a mbali zonse ziwiri. Tizitsuloti anthu satilabadira, ndipo kawirikawiri timatsalira pa giyabokosi yakale n'kutayidwa nayo limodzi. Giyabokosi yomangidwa popanda ma dowel imakhala pambali pang'ono, pang'ono poti diso silingaone, koma pakapita miyezi beringi ya shafiti imadyeka ndipo pakati pa clutch plate pamasweka.

Injini ndi giyabokosi zikamangidwa pamodzi zimakhala chinthu chimodzi chokhazikika pa mphira zochindikala zotchedwa mounting. Pa pikapu ngati Toyota Hilux mphirazi zilipo zitatu: ziwiri m'mbali mwa injini, imodzi kunsi kwa mchira wa giyabokosi. Kuchotsa giyabokosi kuli ngati kuchotsa fuwa limodzi pa mafuwa atatu mphika uli pamoto. Mphikawo uyenera kupezeredwa pokhalira pena fuwalo lisanasunthidwe.

Magalimoto amene zimatheka ndi amene sizitheka

Mu 1891 kampani ya ku France ya Panhard et Levassor inapanga galimoto yokhala ndi injini kutsogolo, giyabokosi kumbuyo kwa injiniyo, mphamvu n'kumapita ku matayala akumbuyo. Kaikidwe kameneka ndi kamene kali pa Toyota Hilux, Toyota HiAce, Land Cruiser, Isuzu KB ndi mapikapu a Nissan, magalimoto odziwika bwino m'misewu ya Malawi ndi Zambia. Pa amenewa ntchitoyi ndi yosavuta kuimvetsa, poti giyabokosi imangokokedwa cham'mbuyo n'kutsitsidwa.

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri masiku ano amakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo injini yake imakhala chopingasa, giyabokosi ili pambali pake. Kaikidweka kanatchuka kudzera mwa injiniya wa ku Italy Dante Giacosa, amene anakagwiritsa ntchito pa Autobianchi Primula mu 1964 ndi pa Fiat 128 mu 1969. Toyota Corolla, Vitz, Sienta, Mazda Demio ndi Nissan Tiida zonse zinapangidwa chomwecho. Apanso giyabokosi imatha kuchoka payokha, kungoti mpata ndi wochepa ndipo zomasula zimachuluka.

Pali magalimoto ena amene satsatira zimenezi. Mini yoyamba, imene Alec Issigonis anapanga ndipo inatuluka mu 1959, inali ndi giyabokosi kunsi kwa injini, zonse zikugwiritsa ntchito oyilo mmodzi, choncho zimatuluka pamodzi. Pa Volkswagen Beetle yakale zinthu n'zotembenuka: injini ili kumbuyo kwa galimoto ndipo imagwiridwa ndi giyabokosi, ndiye imene imayamba kutuluka ndi injini. Pa Land Rover zakale za mtundu wa Series, chitsulo chopingasa kunsi kwa giyabokosi n'chowotcherera ku chasisi pa zambiri mwa izo, motero giyabokosi imatulukira m'mwamba kudzera mkati mwa galimoto, mipando ndi malata a pansi zitachotsedwa. Pa Subaru giyabokosi imatha kutsitsidwa, koma amakaniko ambiri amaona kuti kutulutsa injini n'kwachangu posintha kilatchi.

Magalimoto a hybrid ndi nkhani ina. Mkati mwa giyabokosi ya Toyota Prius kapena Toyota Aqua muli mamota a magetsi olumikizidwa ku batire lalikulu kudzera pa mawaya a mtundu wa olenji. Batire la Aqua yoyamba ndi la mavolti 144, ndipo la Prius imene inatuluka mu 2003 limapitirira pang'ono mavolti 200. Magetsi otere amatha kupha munthu, ndipo ntchito imeneyi si ya pakhomo kwa amene sanaphunzire kuwazimitsa.

Kutsimikiza kuti vuto lili mkati

Si vuto lililonse la magiya limene limafuna kutsitsa giyabokosi. Injini ikamalira kwambiri pachitunda koma galimoto osawonjezera liwiro, kawirikawiri kilatchi imakhala itatha. Koma magiya akamakana kulowa, nthawi zambiri cholakwa chimakhala kunja: waya wa kilatchi watamuka, kasilinda kokankha kilatchi kakudontha, kapena mphira za pa ndodo yosinthira magiya zadyeka. Pa galimoto ya automatic, oyilo wochepa, sensa yakufa kapena pulagi ya dzimbiri zimaonetsa zizindikiro zofanana ndi za giyabokosi yotheratu. Zonsezi zimakonzeka giyabokosi ili pamalo pake.

Malo ndi zida

Jeke ndi yonyamulira galimoto, si yoigwirira m'mwamba. Jeke ya oyilo imadalira kamphira kakang'ono ka mkati, ndipo kakaphulika galimoto imatsika nthawi yomweyo. Jeke yaing'ono imene imabwera ndi galimoto inapangidwira kusintha tayala basi. Zogwirira galimoto ndi miyendo yachitsulo yotchedwa axle stand, imene imalembedwa kulemera kumene ingathe kusenza, ndipo imaikidwa pa chasisi kapena pamalo olimba amene wopanga galimoto anasonyeza. Njerwa ndi mabuloko a simenti n'zoopsa ngakhale zimaoneka zolimba, chifukwa sizipindika kapena kulira zisanasweke, zimangofumbutuka kamodzi n'kamodzi.

Pansi pamafunika pakhale polimba komanso posatsetsereka. M'madera ambiri a ku Malawi magalimoto amakonzedwa pabwalo la dothi, pansi pa mtengo. Dothi louma la m'chilimwe limatha kusenza, koma mvula ikagwa usiku galimoto ili m'mwamba, mwendo umodzi umatitimira ndipo galimoto yonse imapendama. N'chifukwa chake pansi pa mwendo uliwonse pamaikidwa thabwa lochindikala ndi lotambalala. Matayala amene achotsedwa amagonekedwa kunsi kwa galimoto m'mbali mwake, kuti china chikalephera pakhale kampata kopulumukira. Munthu asanalowe kunsi, galimoto imagwedezedwa mwamphamvu mbali zonse, popeza pozula giyabokosi idzagwedezeka chimodzimodzi.

Matayala amene atsala pansi amatchingidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Izi n'zofunika kwambiri pa galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, chifukwa propela shafiti, yomwe ndi shafiti yaitali yochokera ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo, ikangochotsedwa, kuika galimoto m'giya kapena pa P sikugwiranso kanthu. Pa Land Rover Defender yakale ndi pa malole ang'onoang'ono monga Mitsubishi Canter, handibuleki nayonso imagwira pa shafiti yomweyo osati pa matayala. Pa magalimoto amenewa kumasula propela shafiti kumasiya galimoto yopanda choigwira chilichonse.

Kutalika kumafunika kuyezedwa ntchito isanayambe. Giyabokosi iyenera kutuluka kunsi kwa galimoto itakhala pa jeke, choncho mpata uyenera kuposa msinkhu wa bellhousing kuphatikiza jekeyo. Ambiri amazindikira izi giyabokosi itatsika kale n'kukanirira kunsi. Dzenje lomangidwa bwino limathetsa vutoli.

Giyabokosi ya manual ya galimoto yaing'ono imalemera makilogalamu 30 mpaka 45, ya automatic imaposa pamenepo kwambiri, ndipo ya pikapu yokoka matayala onse anayi imatha kufika makilogalamu 100 ikakhala pamodzi ndi bokosi logawa mphamvu lotchedwa transfer case. Kulemerako sikuli pakati, ndipo chitsulo cha oyilo chimaterera. Amakaniko ena amalandira giyabokosi yaing'ono pachifuwa, koma chizolowezi chimenechi ndi chothyola nthiti. Jeke ya mateyala yokhala ndi thabwa pamwamba, giyabokosi itamangidwapo ndi lamba, ndi imene imathandiza, ndipo anthu awiri amafunika.

Magalimoto a ku Japan amamasulidwa kwambiri ndi masipanala ndi masoketi a mamilimita 10, 12, 14 ndi 17. Pamafunikanso ndodo zazitali zowonjezera pa soketi, sipanala yoyeza kuthina kwa bawuti yotchedwa torque wrench, kachida kolunjikitsira kilatchi, beseni lolandirira oyilo, ndi buku la kakonzedwe ka galimotoyo, kaya la kampani yake kapena la Haynes. Mabawuti a bellhousing amasiyana kutalika. Njira yakale yosawasokoneza ndi kujambula bellhousing pa katoni n'kubaya bawuti lililonse pamalo pake. Zithunzi za pafoni zimakumbutsa mmene mawaya anadutsira.

Galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo

Ntchito imayamba ndi kuchotsa waya wa negetivu pa batire, chifukwa sitata imamangidwa pa bellhousing ndipo waya wake waukulu umakhala ndi magetsi nthawi zonse. Kenako ndodo yosinthira magiya imamasulidwa. Pa Hilux imazulidwa kuchokera mkati mwa galimoto, ndipo pa HiAce, imene injini yake ili kunsi kwa mipando yakutsogolo, imalumikizidwa ku giyabokosi ndi mawaya kapena timitengo tachitsulo timene timamasulidwa kunsi.

Oyilo asanakhetsedwe, chitsekerero cha pothirira chimayamba kumasulidwa. Chikapezeka kuti chinakanirira oyilo atatayidwa kale, giyabokosi imakhala yopanda pothirira. Propela shafiti imaikidwa chizindikiro cha penti pamene yalumikizana ndi difu, kuti idzabwerere mmene inalili, popeza kuitembenuza kumatha kubweretsa kunjenjemera pa liwiro lalikulu. Zitatero amachotsa mapulagi a magetsi a rivesi ndi a sipidomita, sitata, ndi mbali ya ekizozi imene ikutchinga njira. Kasilinda kokankha kilatchi kakakhala kunja kwa bellhousing, kamamasulidwa n'kumangiriridwa pambali paipi yake osatsegulidwa. Kuyambira pamenepo wina asaponde kilatchi, chifukwa pisitoni ya kasilindako imatumphukira kunja.

Apa ndi pamene nkhani ya mafuwa imafika. Jeke imodzi imaikidwa kunsi kwa giyabokosi, ina kunsi kwa injini cha kumbuyo, thabwa lili pakati pa jeke ndi sampu kuti lata la sampu lisaphwanyike. Chitsulo chopingasa chotchedwa crossmember, chimene chimasenza mchira wa giyabokosi, chimamasulidwa, ndipo zonse ziwiri zimatsitsidwa pang'onopang'ono kuti mabawuti a pamwamba pa bellhousing aonekere. Injini ikamapendekera kumbuyo, kutsogolo kwake kumakwera. Fani imatha kugunda chivundikiro cha rediyeta, mapaipi a madzi amakokeka, ndipo kumbuyo kwa injini kumatha kutsamira khoma la galimoto n'kuphwanya mapaipi a mabuleki kapena mawaya amene ali pamenepo. Munthu wachiwiri amayang'anira zimenezi ali pamwamba. Mabawuti a pamwambawo amafikiridwa kuchokera kumbuyo kwa giyabokosi, ndodo za soketi zitalumikizidwa ziwiri kapena zitatu.

Mabawuti onse akachoka, giyabokosi imakokedwa cham'mbuyo molunjika mpaka shafiti yake itatulukiratu mu kilatchi, kenako n'kutsitsidwa. Ikasiyidwa kuti ilendewere shafiti ikadali mkati, kulemera kwake konse kumagwera pa clutch plate ndipo mbaleyo imapindika. Ikakana kusuntha, kawirikawiri pali bawuti limene laiwalika, kapena ma dowel agwidwa dzimbiri. Kumenya bellhousing ndi nyundo kumang'amba aluminiyamu.

Galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo

Pa Corolla ndi magalimoto ena ambiri a Toyota giyabokosi ili kumanzere kwa galimoto, kunsi kwa batire ndi bokosi la fyuluta ya mpweya, choncho zimenezi zimayamba kuchoka. Pa Honda zambiri za m'ma 1990 ili kumanja. Mkati mwa giyabokosi yotere mulinso difu, ndipo m'mbali mwake mumatuluka mashafiti awiri opita ku matayala.

Nati yaikulu ya pakati pa tayala imamangidwa mothina kwambiri, pa magalimoto ambiri kufika ma newton mita 200 kapena kupitirira, ndiye imamasulidwa galimoto ikadali pansi. Kulimbana nayo galimoto ili pa miyendo yachitsulo kungathe kuigwetsa. Galimoto ikakwezedwa, mfundo ya kunsi kwa mwendo wa tayala imamasulidwa kuti shafiti ipeze potulukira. Mbali ya mkati ya shafiti imatulutsidwa mu giyabokosi poikankha ndi chitsulo pa chigoba chake. Kukoka shafiti yeniyeniyo kumangophwasula mfundo ya mkati mwa mphira.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kuchirikiza injini. Apa mounting ya mbali imodzi yonse ili pa giyabokosi, ndipo ikachoka injini imatsala ikulendewera pa mounting ya mbali inayo. Njira yabwino ndi mtanda wachitsulo wogonekedwa pamwamba pa chipinda cha injini, injini n'kukolekedwa pamenepo ndi unyolo, chifukwa kunsi kumatsala mpata wogwirira ntchito. Kumene mtandawo kulibe, jeke ndi thabwa kunsi kwa sampu zimagwira ntchito, koma jekeyo isasiyidwe yokha usiku wonse popanda chochirikiza china. Injini imatsitsidwa pang'ono mbali ya giyabokosi kuti giyabokosiyo idutse kunsi kwa chasisi potulukira chakumbali. Pa magalimoto ena chimango cha kunsi chotchedwa subframe chimatchinga njira ndipo chiyenera kutsitsidwa. Zikafika pamenepo ntchito imakula kwambiri, moti nthawi zina kutsitsa injini ndi giyabokosi pamodzi kumakhala kwanzeru.

Giyabokosi ya automatic

Giyabokosi ya automatic inayamba kufala ndi Hydra-Matic ya General Motors, imene inaikidwa pa Oldsmobile za 1940. Zambiri za masiku ano zilibe kilatchi yoponda. M'malo mwake muli chitsulo chozungulira chodzaza oyilo chotchedwa torque converter, chimene chimamangidwa pa mbale yopyapyala ya kumbuyo kwa injini yotchedwa flexplate. Mabawuti ake amakhala atatu, anayi kapena asanu ndi limodzi, ndipo amafikiridwa limodzilimodzi kudzera pa kazenera ka kunsi kwa bellhousing kapena pa bowo la sitata, injini ikuzunguzidwa ndi sipanala kutsogolo kwake kulowera kumene imazungulirira ikamalira.

Mabawutiwa ayenera kumasulidwa bellhousing isanalekanitsidwe, kuti torque converter ituluke pamodzi ndi giyabokosi. Ikatsalira ku injini, khosi lake limazuka mokhota mu pampu ya oyilo n'kuwononga mphira ndi pampuyo. Komanso palibe chimene chimaigwira mu bellhousing, moti giyabokosi ikaweramira kutsogolo imapulumuka n'kugwa, ili yolemera komanso yodzaza oyilo. Kachitsulo komangidwa pa bowo limodzi la bellhousing kamaitchinga. Mapaipi awiri opititsa oyilo ku rediyeta kukazizira amamasulidwanso. Ngati giyabokosi yakale inafa chifukwa chodyeka mkati, zinyenyeswa zake zimakhala zadzaza m'mapaipi amenewa, ndipo akapanda kutsukidwa zimalowa mu giyabokosi yatsopano.

Zimene zimaonedwa giyabokosi ili pansi

Ntchito yofika pa kilatchi ndi yaikulu kuposa mtengo wa zida zake, choncho clutch plate, pressure plate ndi beringi zimasinthidwa pamodzi, kuphatikizapo kaberingi ka pa crankshaft ngati kalipo. Kusintha mbale yokha pofuna kupulumutsa ndalama kumabweretsa ntchito yomweyo kachiwiri beringi yakale ikayamba kulira. Flywheel yokhala ndi ming'alu kapena mawanga a buluu a kupsa imafunika kukapalidwa pa makina kapena kusinthidwa. Magalimoto ambiri a dizilo atsopano ali ndi flywheel ya zigawo ziwiri yokhala ndi masipuling'i mkati, imene kampani ya ku Germany ya LuK inayamba kupanga mu 1985, ndipo imeneyi ikatha imangosinthidwa. Mphira yotchinga oyilo kumbuyo kwa crankshaft imafikirika pa nthawi yokhayi, ndipo ikamadontha imanyowetsa kilatchi yatsopano.

Fumbi lakuda la mu bellhousing silipemereredwa ndi mpweya. Makilatchi akale ndi ena otsika mtengo amakhala ndi asibesitosi, amene amawononga mapapo. Limapukutidwa ndi nsanza yonyowa.

Kusankha giyabokosi ina

Magiyabokosi ambiri ogulitsidwa ku Malawi ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera m'magalimoto ophwasulidwa ku Japan kapena ochita ngozi. Dzina la galimoto lokha silikwanira pogula. Toyota Sienta yoyamba, imene inatuluka mu 2003, ili ndi giyabokosi ya CVT ikakhala yokoka matayala awiri, koma yokoka matayala anayi ili ndi automatic ya magiya anayi. Pa Toyota za ku Japan, nambala ya giyabokosi imalembedwa pa kachitsulo ka chizindikiro cha galimoto pa mzere wa TRANS/AXLE. Mwachitsanzo U340E ndi automatic ya magiya anayi pamene K310 ndi CVT. Zatsopano ndi zakale zimagonekedwa pamodzi n'kuyerekezedwa mabowo a mabawuti, mapulagi, masensa ndi polowera mashafiti, ntchito yonyamula isanayambe.

Kubwezera

Clutch plate ili ndi mbali yoyang'ana ku flywheel ndi yoyang'ana ku giyabokosi, ndipo nthawi zambiri pamakhala polembedwa. Iyenera kukhala pakati penipeni pressure plate isanamangidwe, chifukwa ikangomangidwa mbaleyo sisunthanso. Kachida kolunjikitsira kamalowetsedwa pa bowo lake mpaka mu crankshaft, ndipo shafiti yodulidwa ku giyabokosi yakufa ya mtundu womwewo imagwira bwino ntchitoyi kuposa kachida ka pulasitiki. Mabawuti a pressure plate amamangidwa pang'onopang'ono modumphadumpha, ili kenako la kutsidya kwake, kufikira mlingo wa m'buku. Pa timizere ta shafiti pamapakidwa girisi wochepa kwambiri. Wochuluka amamwazikira pa kilatchi n'kuiterereketsa.

Ma dowel amawerengedwa: awiri, osati ochepera, komanso osati awiri oyang'anizana pa bowo limodzi, lina la ku injini lina lobwera ndi giyabokosi yogulidwa. Amakaniko ena amadula mitu ya mabawuti awiri aatali n'kuwalowetsa ku injini kuti giyabokosi itsetserekepo polowa.

Giyabokosi imakwezedwa mpaka nkhope ya bellhousing italingana ndi ya injini, mpata wa pamwamba wofanana ndi wa pansi, wa kumanja wofanana ndi wa kumanzere. Popeza injini yapendekeka, giyabokosi nayo iyenera kupendekeka mofanana. Timizere ta shafiti tikakana kukumana ndi ta clutch plate, giyabokosi imaikidwa m'giya ndipo kotulukira kwake kumazunguzidwa ndi dzanja uku ikukankhidwa. Zonse zikalunjika imalowa yokha mpaka nkhope ziwirizo zitagundana.

Pamene ntchito zambiri za pakhomo zimawonongekera ndi pa sentimita imodzi kapena awiri omaliza. Munthu watopa, kunja kukuda, giyabokosi yatsala pang'ono kufika, ndipo mabawuti aatali akutha kugwira. Kuwamanga kuti akoke giyabokosi kumaoneka ngati nzeru. Koma mpata umenewo ukutanthauza kuti china chake sichinalowe: nsonga ya shafiti yatsamira m'mphepete mwa kaberingi, clutch plate ili pambali, dowel yaphonya bowo, kapena waya wapanikizika pakati. Mabawuti ali ndi mphamvu yokwanira kuswa kaberingi, kupinda mbale kapena kuthyola khutu la bellhousing. Njira yake ndi kubweza giyabokosi m'mbuyo, kupeza chimene chatchinga, n'kuyambanso.

Pa automatic vutoli ndi lokwera mtengo kwambiri. Torque converter imaikidwa mu giyabokosi ikadali pansi, ikuzunguzidwa uku ikukankhidwa, ndipo imalowa m'magawo, kawirikawiri atatu: pa shafiti ya mkati, pa shafiti ya kunja, kenako pa mano a pampu ya oyilo. Gawo lomalizali ndi limene limanyenga. Buku la galimoto limapereka mtunda umene uyenera kukhalapo kuchokera pa nkhope ya bellhousing kufika pa torque converter, ndipo umayezedwa ndi rula. Ikapanda kufika, kumanga bellhousing kumaikanikizira pa pampu n'kuiswa, ndipo galimoto imalira bwinobwino koma osasuntha pa giya iliyonse. Chizindikiro choti zili bwino ndi chakuti bellhousing itamangidwa, torque converter imazungulirabe ndi dzanja ndipo imachita kukokedwa mamilimita ochepa kuti ifike pa flexplate. Mabawuti ake onse amayamba alowetsedwa ndi zala asanathinitsidwe.

Zotsalazo zimabwerera motsatana kuyambira chimene chinachoka pomaliza. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi waya wochindikala wolumikiza giyabokosi kapena injini ku chasisi. Akapanda kumangidwa, magetsi a sitata amafuna njira ina yobwerera ku batire, ndipo amadutsa pa waya wa kilatchi kapena wa magiya n'kumuwotcha.

Oyilo ndi kuyesa

Giyabokosi ya manual imathiridwa oyilo galimoto ili yosapendekeka mpaka atayamba kusefukira pa bowo lothirira. Zambiri zimafuna oyilo wa magiya monga 75W-90, ndipo buku limanena ngati ndi wa GL-4 kapena GL-5. Pa automatic mitundu ndi yambiri ndipo silowana m'malo: pali Dexron, pali T-IV ndi WS za Toyota, pali NS-2 ndi NS-3 za CVT ya Nissan. Oyilo wa automatic wamba akathiridwa mu CVT, lamba wachitsulo wa mkati amaterereka n'kukanda zitsulo zimene amayendapo. Pa Toyota zokhala ndi kandodo koyezera, mlingo umaonedwa injini ikulira, oyilo atatentha, giya itayendetsedwa pamalo onse n'kubwezedwa pa P.

Galimoto isanatsitsidwe, kilatchi imapondedwa kangapo injini ili chete kuti zimveke ngati ikugwira, ndipo magiya onse amayesedwa. Nati za mashafiti a kutsogolo zimathinitsidwa komaliza matayala ali pansi, ndipo m'mphepete mwa nati mumakhomedwa kapena mumaikidwa pini yatsopano kuti isamasuke. Ulendo woyamba umakhala waufupi, kenako kunsi kumayang'anidwa ngati kukudontha polowera mashafiti ndi pa mapaipi a ku rediyeta. Ngati subframe inatsitsidwa, matayala amafunika kukalunjikitsidwa pa makina. Magalimoto ena a CVT amafunanso kuti kompyuta yake ilumikizidwe ku makina oyezera kuti izolowere giyabokosi yatsopano, ndipo gawo limeneli limachitikira ku garaja imene ili ndi makinawo.